Tikumanga dambo la pa pulaneti lakutali pa khonde la kuseri ku Dedza

6 Epulo 2024

Ana a kalabu yathu ya sayansi, alipo 9, alemba nthano yawo. Chombo cha m'mlengalenga chafa injini, chagwera pa pulaneti lakutali lomwe ndi dambo lokhalokha, kopanda msewu, kopanda mudzi, chifunga usana ndi usiku. Akufuna nthanoyi ikhale kanema wa mphindi zisanu wojambula ndi foni. Ganizoli linabwera titaonera limodzi filimu ya Star Wars ya mu 1980, ija muli pulaneti la Dagobah komwe amakhala Yoda, kankhalamba kobiriwira ka mufilimuyo. Chomwe chinawagwira mtima anawa n'choti dambo la mufilimuyo silinali lenileni. Analimanga m'nyumba yojambuliramo mafilimu ku Elstree, kufupi ndi London, ndipo pansi pake anachita kukweza kuti Frank Oz, yemwe ankayendetsa chidole cha Yoda, azigwira ntchito ali kunsi osaoneka. Mtsikana wina wa Fomu 3 anangoti, "Aphunzitsi, ngati iwowo anamanga, ife dongo tilibe?" Ntchito inayambira pamenepo.

Nthano ndi ya anawa, sitikutengera ya eni ake. Tabwereka nzeru imodzi yokha, ya tebulo lokwera loti munthu azilowa kunsi. Ndizilemba zonse, ndi mitengo yake yomwe, kuti aphunzitsi anzanga ndi achinyamata ofuna kuyesa asadzataye ndalama pomwe ife titatayepo.

Tagula pulayiwudi imodzi K32,000, zidutswa za matabwa a paini kwa ocheka matabwa K6,000, misomali kilo imodzi K4,000, wakabaza wotengera K2,000, ndipo mmisiri watilipiritsa K8,000. Tebulo ndi la mita 1.5 m'litali, mita 1.2 m'lifupi, miyendo masentimita 80, ndipo m'mbali mwake takhoma mpanda wa matabwa wa masentimita 12 woti uzisunga madzi. Muyeso wathu ndi wakuti munthu akhale kachidole ka masentimita 8, ndiye mtengo wa masentimita 60 uzioneka ngati wa mamita 12. Tonse tasonkherana K70,000. Lero lokha yapita K52,000. Chigwereni ndalama ya kwacha mu Novembala chaka chatha, za m'shopu ya hadiweya sizigwirika.

13 Epulo

Lero sitinakhome kanthu. Ndinawatenga ana kupita kudambo la kumunsi kwa mudzi wathu, mvula yangoleka kumene ndipo madzi akadali mbwee. Ndinawauza kuti aliyense akhale chete kwa kanthawi, angoyang'ana.

Zomwe analemba m'makope mwawo zasintha pulani yonse. Iwo ankaganiza kuti madzi a dambo ndi obiriwira. Ayi, ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo m'mphepete muli utoto wa dzimbiri. Pena pamwamba pa madzi pali kachikopa konyezimira ngati pathiridwa oyilo, koma ukakakhudza ndi kamtengo kamasweka tizidutswa osabwererananso, pomwe oyilo weniweni amalumikizananso. Ndi chitsulo cha m'nthaka chomwe tizilombo tosaoneka ndi maso timachisintha. Mnyamata wina anabaya ndodo m'thope, thovu n'kukwera tubwi tubwi, fungo ngati dzira lovunda. Thovu limenelo ndi mpweya wa methane wochokera ku udzu woola pansi pomwe mpweya wabwino sufika, ndipo fungolo ndi la sulfure.

Vuto lomwe tapeza ndi loti madambo athu kuno alibe mitengo pakati, ndi udzu ndi mabango basi, mitengo imathera m'mphepete. Pulaneti la anawa likufuna mitengo yoima m'madzi. Pobwerera tinaima pansi pa kachere wamkulu wa kubwalo kwa amfumu, ana n'kujambula mizu yake ija yolendewera kuchokera m'nthambi ndi ina yokulunga thunthu ngati zingwe. Mitengo yathu idzakhala ana a kachere ameneyu.

20 Epulo

Tayala pulasitiki, mamita atatu K4,500, tathira madzi zigubu zisanu za malita 20. Pasanathe ola tebulo linapindika pakati ngati msana wa bulu, madzi onse n'kusonkhana pamenepo. Kulakwa ndi kwanga. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye ndinasenzetsa pulayiwudi makilo 100 popanda mtanda kunsi. Usiku womwewo nsonga ya msomali inaboola pulasitiki, m'mawa khonde lonse madzi okhaokha, pulayiwudi yafufuma pangodya imodzi.

Takhoma mitanda iwiri kunsi ndi mwendo wachisanu pakati, koma tausunthira pambali pang'ono kuti mwana azikwawa bwino. Nsonga zonse za misomali tazipinda ndi hamala n'kumata zidutswa za chubu cha njinga pamwamba pake. Tayala katoni kaye, kenako pulasitiki wakuda wochindikala uja amayala omanga nyumba asanathire simenti, K9,000, wopinda pawiri. Musamudule pangodya. Mupindeni ngati mmene amapindira pepala lokulungira mphatso, ndipo mumukhomere kunja kwa mpanda, osati mkati. Tathiranso madzi, tasiya masiku atatu, pansi pauma gwa.

4 Meyi

Mitengo isanu ndi iwiri yomwe tinaumba sabata yatha yang'aluka yonse. Tinapanga mafupa ake ndi waya wa khola la nkhuku, mamita awiri K7,000, n'kumata dongo pamwamba, kenako kuyanika padzuwa. Dongo likamauma limafota, koma waya safota, ndiye dongo linang'ambika motsata waya, zidutswa n'kumayoyoka ukangokhudza. Ana anakhala chete, ena misozi ili m'maso, chifukwa mizu ija anaipota ndi zala tsiku lonse.

Ndinapita kwa agogo ena oumba mbiya kutsidya kwa mtsinje, nditanyamula mtengo umodzi wosweka. Anautembenuza, n'kufikisa kadongo pakati pa zala, n'kunena kuti, "Mwanawe, dongo ili ndi lonona kwambiri, silinadye kanthu. Ndipo ndani anakuuza kuti mbiya amayanika padzuwa?" Anandionetsa mmene amasinjira mapale a miphika yakale mumtondo n'kusakaniza ndi dongo kuti lisafote kwambiri, ndiponso mmene amafunditsira mbiya yaiwisi m'nyumba kuti iume pang'onopang'ono. Koma anandiuzanso mosabisa kuti dongo losawotcha likakhala m'madzi limasungunuka, kaya ulisakanize ndi chiyani. Ndinali ndisanaganizeko zimenezo, chikhalirecho mitengo yathu ikuyenera kuima m'madzi masabata angapo. Ndinawasiyira shuga ndi sopo za K4,500. Akanakhala kuti sanandiuze, tikanaumbanso kachiwiri n'kudzaona mitengo ikusanduka phala pa tsiku lojambula.

Tagwirizana kuti dongo losakaniza ndi mapale ligwire ntchito pa zilumba ndi magombe okhala pamwamba pa madzi, titaliika pa njerwa zootcha. Mitengo ifuna njira ina.

11 Meyi

Tayesa nyuzipepala zakale zonyika m'phala la ufa wa chinangwa, ufa K1,000, kukulunga pa waya. Zimamata bwino, zikauma zimalimba, ndipo makwinya a pepala amaoneka ngati khungwa. Tinasangalala. Lachitatu ndinapeza mitengo iwiri itadyedwa ndi makoswe mpaka waya kuonekera, ndipo ina itayamba chuku chifukwa kwayamba kuzizira ndipo mkati simunaume.

Tasiya chinangwa. Tagula guluu woyera wa akalipentala, mabotolo awiri K13,000, tikumasungunula ndi madzi theka kwa theka. Wosanjikiza aliyense aziuma kaye tsiku lathunthu tisanaikenso wina. Wosanjikiza womaliza tikusakaniza guluu ndi utuchi wosefa, waulere kwa ocheka matabwa, ndipo khungwa lake likuchita kukhakhala ngati lenileni. Mizu yolendewera ndi chingwe cha khonje chomasula n'kunyika m'guluu. Mbali yoima m'madzi tapaka vanishi katatu, K7,000, chifukwa guluu woyerayu akakhalitsa m'madzi amafewa n'kuyera.

Ndalama yosonkherana ija inatha kale. Zotsalazi zikuchoka m'thumba langa, ndipo mayi a kunyumba avomera pokhapokha khonde libwerere mwakale nyengo yokolola nyemba isanafike.

25 Meyi

Penti wakuda, woyera ndi wobiriwira, tizitini ting'onoting'ono, K11,000. Poyamba ana anapaka mitengo wobiriwira wowala, mufoni n'kumaoneka ngati zidole za m'sitolo. Ndinawatuma akayang'anenso thunthu la kachere. Anabwera akunena okha kuti ndi lotuwa, lakuda m'ming'alu, lobiriwira mbali imodzi yokha yosafika dzuwa. Ndiye tapaka wakuda thupi lonse, atauma n'kudutsitsa bulashi youma yokhala ndi penti wotuwa pang'ono kwambiri, kuti agwire pa zotumphuka pokha.

Chomwe chasintha zonse sichinagulidwe. Kuno ku Dedza, chifukwa cha kukwera kwa malo ndi chifunga, nthambi za paini ndi mitengo ina zimamera ndere zotuwa zolendewera ngati ndevu za nkhalamba. Tatola zogwa kale ndi mphepo m'mphepete mwa msewu, sitinalowe m'nkhalango ya boma ya m'phiri ndipo sitinathyole pamtengo. Titazikoleka pa nthambi za mitengo yathu, mwana wa Fomu 1 anagwada, n'kuika diso pa mpanda wa tebulo, n'kukhala pomwepo osalankhula. Kenako anati, "Aphunzitsi, mukuoneka ngati muli chinthu chikutiyang'ana." Ndinagwada nanenso. Ankanena zoona.

Kumbuyo tapachika nsalu yoyala pabedi ya pakaunjika, K3,000, yopaka wotuwa, ndi mithunzi ya mitengo yosaoneka bwino. Iikeni patali ndi tebulo, mita imodzi kapena kuposa. Ikayandikira, foni imaonetsa ulusi wa nsalu.

8 Juni

Apa ndi pomwe ndinaumirira zanga n'kulakwitsa. Ndinkafuna dambo lamoyo, ndiye tinatunga thope lenileni la kudambo, udzu ndi mizu yake, ndi masamba oola, n'kuika m'tebulo. Masiku awiri oyamba linali lokongola zedi. Pofika tsiku lachisanu, fungo la dzira lovunda lija linalowa mpaka kukhitchini, madzi anachita mbuu osaonekanso pansi, udzu unasanduka wachikasu chifukwa khonde silifika dzuwa. Choipa kwambiri, mtsikana wina anaona timphutsi ta udzudzu tikugwedezeka pansi pa madzi. Ndinkaganiza kuti kuzizira kwa Juni kutiteteza. Pakhonde la nyumba yogona ana sindingawete udzudzu chifukwa cha kanema. Tsiku lomwelo tinakapa madzi onse n'kukathira padothi louma kutali ndi nyumba.

Tsopano pansi tayala mchenga wa kumtsinje wotsuka kasanu, wosakaniza ndi makala osinja kuti ude. Madzi ndi a pamjigo, ndipo mtundu wake tikuupeza pophika masamba a tiyi ogwiritsa kale ntchito, kapu zitatu za tiyi wakuda bii pa tebulo lonse. Akufanana ndendende ndi a kudambo aja, ndipo kuwala kumalowa pang'ono n'kuzimirira, zomwe zikuchititsa kuti aoneke akuya. Udzu ndi wouma, wodula ufupiufupi, womata m'dongo la pazilumba. Madzi tizithira tsiku lojambula lokha n'kuchotsa madzulo ake ndi kapaipi. Tiyi akagonera masiku atatu nayenso amachita chuku pamwamba.

Tikukapa madziwo, mnyamata wina anafunsa ngati pulaneti la dambo lilipodi kwinakwake. Ndinamuuza zomwe zikudziwika. Kale asayansi ena ankakhulupirira kuti pulaneti la Venus ndi dziko lonyowa la madambo chifukwa ndi lokutidwa ndi mitambo, mpaka chombo cha Mariner 2 chinadutsa pafupi mu 1962 n'kuonetsa kuti n'kotentha koopsa. Lero tikudziwa kuti pansi pake pamatentha kuposa madigiri 450. Titan, mwezi wozungulira pulaneti la Saturn, uli ndi nyanja ndi mitsinje, koma ya methane wamadzi, mpweya womwe uja tinautulutsa ndi ndodo m'thope, ndipo kachombo ka Huygens kanatera kumeneko mu Januwale 2005. Mapulaneti ozungulira nyenyezi zina omwe atsimikizika anapitirira 5,000 mu 2022. Mwanayo analemba zonsezi kuseri kwa kope la masamu.

15 Juni

Chombo tapanga ndi botolo la mafuta odzola, zotsekera mabotolo, ndi tizidutswa ta m'kati mwa wailesi yakufa. Nthano ikufuna kuti chimire pang'onopang'ono. Chinakana, chimangoyandama n'kumazungulira ngati bakha. Tinathiramo misomali, chinamira kamodzi n'kamodzi ngati mwala.

Ana ankafuna tiboole pansi pa tebulo kuti tizichikoka ndi waya kuchokera kunsi. Ndinakana, chifukwa bowo lililonse pa pulasitiki ndi mtsinje wa pakhonde uja wa mu Epulo. Mmalo mwake tachotsa misomali ina kuti chiziyandama pang'ono, tamanga ulusi wa mbedza kumphuno kwake, ulusiwo tadutsitsa m'kamphete ka waya komangirira ku theka la njerwa lokwiriridwa mumchenga, n'kukatulukira kuseri kwa mtengo waukulu. Wokoka amakhala kumbuyo kwa tebulo. Akakoka pang'onopang'ono, mphuno imalowa, mchira n'kutsala m'mwamba. Taboolanso timabowo tiwiri pa botolo kuti mpweya uzituluka ngati thovu pamene chikumira.

Kunsi kwa tebulo kwapeza ntchito ina. Chilombo cha m'madzi, chomwe chimangooneka msana, ndi chidutswa cha patapata wakale chokhala ndi bawuti pamimba. Mwana wogona chagada kunsi amachiyendetsa ndi maginito a sipika yakufa. Pomwe pali mchenga wambiri maginito sagwira, ndiye tasesa kanjira kopyapyala kodutsa pakati pa mizu. Chikuyenda modukizadukiza, koma m'madzi akuda sizikuoneka.

29 Juni

Chifunga chatidyera masabata awiri, ndipo popanda chifunga zonsezi ndi tebulo la matope chabe.

Tinayamba ndi utsi wa udzu wonyowa pa mbaula. Unakwera kudenga, tonse kutsokomola, ndere zinatsala pang'ono kugwira moto. Musayese zimenezi pafupi ndi pepala, khonje ndi vanishi. Wina anati tiyatse koyilo ya udzudzu, ndinakana, ana sangamapume mankhwala ola lathunthu. Tinayesa madzi owira m'mbale zobisa kuseri kwa zilumba. M'mawa wa Juni kuno nthunzi imaoneka kwambiri, koma imakwera molunjika ngati pa m'phika wa nsima, pomwe ife tikufuna chogona pamadzi.

Chomwe chagwira ndi ichi. Utsi umakwera chifukwa ndi wotentha, ukauziziritsa umalemera n'kutsika. Tagula paipi ya pulasitiki ya mita imodzi K2,500, lubani wa timitengo K1,500, ndi madzi oundana a m'mapepala kwa amayi ogulitsa mafilizesi K1,000. Lubani timayatsa m'chitini chachikulu chovundikira, chokhala ndi bowo lolowera mpweya ndi lina lolumikiza kupaipi ndi malegeni. M'paipimo timadzaza ayisi woswa koma osatseka njira, paipiyo n'kupendekera kumunsi kuloza pamadzi. Mwana mmodzi amapopa pang'onopang'ono ndi pampu ya njinga. Utsi umatuluka wozizira, n'kutsetsereka pa gombe, n'kuyala pamadzi pakati pa mizu. Umagona masekondi 20 kapena 30 usanayambe kukwera, ndipo pa kanema zimenezo n'zokwanira. Madzi a m'tebulo akhale ozizira, akafunda amaukweza msanga. Ayisi akamasungunuka amadontha kukamwa kwa paipi n'kuvundula madzi, ndiye taboola kabowo kunsi kwa paipi lisanafike tebulo n'kutchera kapu. Kamphepo kakang'ono kamabalalitsa zonse, choncho khonde tatchinga ndi mphasa mbali ziwiri, mbali imodzi n'kusiya yotsegula kuti anthu azipuma.

13 Julayi

Tajambula. Ana anafika 5 koloko m'mawa atafunda mabulangete, kunja chifunga chenicheni chitaphimba phiri la Dedza, zala zosagwira kanthu ndi kuzizira. Tinasankha nthawiyi chifukwa mphepo imakhala isanadzuke ndipo ayisi sasungunuka msanga.

Zojambula zoyamba zinatikhumudwitsa. Chombo chikamira, mafunde ankathamanga ngati a m'beseni, ndipo aliyense akanadziwa kuti ndi kanthu kakang'ono. Tinasintha foni n'kuika pojambula mochedwetsa paja, slow motion. Mafunde omwewo anayamba kuyenda molemera ngati a padziwe lalikulu. Koma foni ikamajambula motero imafuna kuwala kochuluka, chithunzi chinada n'kuchita timadontho. Tinabwereka matochi anayi kwa anansi. Kuwalitsa kuchokera kutsogolo kunapha chifunga, sichinkaoneka n'komwe. Titasamutsira matochi kumbuyo ndi m'mbali, kuwala kukubwera moyang'anana ndi foni kudzera m'nthambi, utsi unayera, mitengo n'kuda, mizere ya kuwala n'kumatsika pakati pa ndere. Foni tinaigoneka pa mpanda wa tebulo, diso lake masentimita ochepa pamwamba pa madzi, pa msinkhu wa kachidole kaja. Mukajambula mutaimirira mumaona tebulo, osati dziko.

Kumira kwa chombo tabwereza ka 14. Kachisanu ndi chiwiri ulusi unaduka, tinachita kupisa dzanja n'kudikira kuti mchenga ukhazikike. Komaliza zonse zinakumana: wopopa, wokoka ulusi, wa maginito ali chagada pa simenti yozizira, ndi mtsikana uja wa Fomu 3 atagwira foni osapuma. Titaonera pa foni pomwepo, palibe anayankhula mpaka mchira wa chombo utalowa, thovu lomaliza n'kuphulika.

Ndalama zonse zapita K117,000, pomwe tinkayembekeza K70,000. Zotayika pachabe ndi pulasitiki woyamba, ufa wa chinangwa ndi masabata atatu a dongo ndi thope. Vanishi wa mtengo umodzi wayamba kuyera m'munsi, ufunika kupakanso tisanajambule gawo la woyendetsa chombo akutuluka. Mawu sitinajambule. Ana akufuna kulira kwa achule enieni, koma kudambo kuli zii nyengo ino, ndiye tidikira mvula yoyamba ya Novembala kapena Disembala. Madzi tachotsa madzulo ano, mitengo taisunga m'katoni pamwamba pa kabati kuopa makoswe, ndipo tebulo lisamukira m'chipinda chosungiramo makasu Loweruka likubwerali.